Masheya a Malemu Oltmanns

Kunyumba kwa a Oltmanns, mumzinda wa Emden, kunali lamulo lomwe ngakhale alendo ankalidziwa: malonda akayamba pa kanema, rimoti isakhudzidwe. M'nyumba zina nthawi ya malonda ndi yothamangira kuchimbudzi kapena kukatereka madzi. Kwa a Oltmanns inali nthawi yokhala chete. Bambo wa m'nyumbamo, a Eilert, ankawongola msana pampando, kuvala magalasi, n'kumayang'anitsitsa munthu akutamanda sopo wochapira ngati akumvera ulaliki.

"Ameneyutu akutilipira," ankatero akuloza ndi supuni. "Mwaiona galimoto iyo? Chaka chino zinthu zili bwino. Ukadzaona akutsatsa matiresi ndi mankhwala a nyamakazi okhaokha, udziwe kuti kwaipa."

A Eilert anali ndi masheya m'kampani ya wailesi ya kanema ya Kranich. Anawagula kalekale, kampaniyo itangoyamba kugulitsa masheya kwa anthu wamba, nthawi imene aliyense padoko, kuyambira wosesa mpaka kapitawo, ankadziona ngati katswiri wa zachuma. Anzawo anagula, mtengo utakwera anagulitsa, ena mpaka anagulira timaboti. A Eilert anagwiritsitsa. Mtengo unatsika, unadzakwerako pang'ono, unatsikanso, kenaka unangokhala pansi ngati nkhalamba yotopa. Iwo phee. Ntchito yawo inali yolowetsa magalimoto atsopano m'sitima zapamadzi, tsiku ndi tsiku, magalimoto omwe iwo sakanatha kugula. Koma madzulo akakhala pampando paja, anali mwini wailesi.

Mwana wawo Enno anakula akuziseka zimenezi. Atapita ku yunivesite ku Oldenburg kukaphunzira zachuma, kusekako kunasanduka kunyoza.

"Adadi, anthu amsinkhu wanga saonera kanema. M'kalasi mwathu monse palibe amene ali naye. Gulitsani zinthu izi zisanakufereni m'manja."

"Tamumvani profesa," ankatero a Eilert akutsinzinira akazi awo, a Gesa. "Mamina sanaume wayamba kale kundiphunzitsa."

Masheya aja sanafe. Amene anafa ndi eni ake.

Khansa ya m'mapapo inapezeka Enno ali m'chaka chachiwiri. Anabwera kunyumba kuti athandize amayi ake kwa milungu yochepa. Milungu inasanduka miyezi, mayeso anadutsa, yunivesite inamuiwala, iyenso sanaikumbutse. Ankawatembenuza bambo ake pabedi, kuwasambitsa, kuwamwetsa msuzi ndi supuni yomweyo ankalozera malonda. Kanema ankakhala woyatsa tsiku lonse. A Eilert anatsikira kulichete masana ena mu Novembala, pa kanema pakuoneka mayi wina wosangalala kwambiri chifukwa cha mankhwala otsukira mbale. Enno sanazimitse mpaka malondawo atatha.

Masheya anatsalira m'manja mwa anthu awiri, mayi ndi mwana, ndipo kuti agulitsidwe pankafunika kuti onse awiri avomere. Enno anapeza ntchito yolongedza katundu m'nyumba ina yosungiramo maphukusi kunja kwa mzinda. Zovala za malemu zinapita kutchalitchi. Njinga yawo anampatsa mnansi. Fungo lawo m'chipinda linatha pang'onopang'ono mpaka tsiku lina Enno analowa n'kungomva fungo la sopo. Koma masheya ankasuntha. M'mawa akwerako pang'ono, masana atsika, madzulo abwereranso pomwe anali. Pa zinthu zonse za bambo ake, ichi chokha ndicho chinali chikupumabe. Ankatulutsa foni m'thumba pakati pa makatoni, kuyang'ana kamzere kakukwera ndi kutsika, n'kuibweza.

Chisanu chitatha, kampani ina ya ku London, yosunga ndalama za anthu olemera, inalengeza kuti ikufuna kugula Kranich yense. Inapereka mtengo woposa wa pamsika. A Gesa anaiyamba nkhaniyi pa tiyi wa masana, shuga wamibulu akuthetheka m'kapu.

"Enno, mtengo akuperekawu bambo ako sanauone kwa zaka zambiri. Tiye tivomere."

"Sindisaina."

"Si iwe unkawasowetsa mtendere kuti agulitse?"

"Ndine."

"Nanga lero?"

"Lero sindisaina."

A Gesa anaika kapu pansi. "Usaganize kuti ndikufuna ndalama zawozo. Ndatopa kukuona ukudya foni ili pambali pa mbale, ngati munthu wodikira uthenga wa kuchipatala. Uthenga wa kuchipatala unabwera kale, mwanangu."

Enno anadzuka n'kukatsuka kapu yake tiyi asanamalize.

Iye sanasaine, koma ena anasaina. Mabanki anagulitsa, makampani a penshoni anagulitsa, nkhalamba zambiri nazo zinagulitsa. Pofika nthawi yotentha, a ku London anali atadutsa masheya 95 pa 100 alionse. Enno ankadziwa tanthauzo la nambala imeneyi, chifukwa anaiphunzira m'kalasi ndipo anaikhoza pa mayeso: munthu akafika pamenepo, lamulo limamulola kutenga masheya a otsala onse, afune asafune, bola awalipire. Chomwe chinatsala chinali msonkhano wa eni masheya ku Hamburg woti uvomereze. Enno anapempha tsiku lopuma kuntchito.

Pasiteshoni m'mawa umenewo anapeza a Detlef, mnzawo wa bambo ake wa padoko, yemwe anali atapuma ntchito. Anali atavala suti yothina pamimba ndi chikwama chansalu m'manja.

"Mwana wa Eilert! Ukupita kukawagwetsa a ku London?"

"Ndikupita kukayankhula."

"Eya, magazi sanama. Tiye tikhale kuwindo, ine ndimachita nseru."

M'sitima a Detlef anatsegula chikwama kumuonetsa zomwe zinali mkati: mabokosi awiri apulasitiki opanda kanthu.

"Inu simunagulitse?" anafunsa Enno.

"Ine? Ndinagulitsa onse iwe usanayambe sukulu. Ndinangosiya imodzi, ya masoseji. Sheya imodzi imakulowetsa mu holo chimodzimodzi ndi wa masheya miliyoni, ndipo mbale zake n'zofanana. Phindu langa ine ndimanyamula m'bokosi." Anagogoda pachivundikiro. "Bambo ako ankandinena kuti ndine wakuba wovala tayi. Ine n'kumati, 'Aise, mwa awirife amene wadyapo za Kranich ndani?'"

Enno anaseka, koyamba patapita nthawi.

"Ukukumbukira zaka za mliri zija, ankachititsa msonkhano pa kompyuta?" anapitiriza a Detlef. "Ine sindinalowe n'komwe. Msonkhano wopanda chakudya ndi maliro."

"Adadi analowa. Anavala tayi pabalaza, n'kudziwiritsira masoseji okha."

"Chitsiru cha munthu," anatero a Detlef mwachikondi, n'kutembenukira kuwindo. Kenaka anayankhula osacheuka. "Ukudziwa chomwe ankapitira? Padoko paja moyo wake wonse ankangouzidwa: imika apa, bwerera, fulumira iwe. Koma kamodzi pachaka ankakwera pansanja, mabwana a masuti odula atakhala mzere, n'kuwafunsa funso. Ndipo lamulo limati ayankhe. Wapampando ankati, 'Zikomo, Bambo Oltmanns.' Tikamabwerera ankangobwereza zomwezo m'sitima muno mpaka ku Bremen. 'Wamva, Detlef? Zikomo, Bambo Oltmanns.'"

"Ankafunsa chiyani?"

"Zopanda pake. Chifukwa chiyani malonda amakhala okweza mawu kuposa filimu. Chifukwa chiyani wolosera zanyengo amaima kutsogolo kwa Emden pa mapu n'kutibisa. Anthu ankaseka, iye osasamala."

Holo inali yaikulu kuposa anthu omwe anabwera. Kumbuyo, pafupi ndi khomo lopita kuchakudya, kunakhala nkhalamba, amuna ndi akazi, aliyense ndi kachikwama pamiyendo. Ankapatsana moni ngati anthu a mpingo umodzi, ngakhale ankaonana kamodzi kokha pachaka. Kutsogolo kunakhala anthu amtundu wina, amakompyuta pamaondo ndi mapepala ochindikala.

"Awo ndi ndani?" ananong'ona Enno.

"Miimba," anatero a Detlef. "Anagula masheya atangomva kuti atilanda. Lero akuwa kuti mtengo wachepa, mawa apita kukhothi, woweruza akawonjezera iwo adya. Kranich sanamuonerepo ngakhale mphindi imodzi. Chaka chamawa udzawapeza pa maliro a kampani ina."

Enno anakalembetsa dzina kuti adzayankhule, n'kubwerera pampando.

Pansanja panakhala akuluakulu a kampani, aliyense ndi botolo la madzi. Wapampando, munthu wa imvi zopesedwa bwino, anawerenga kwa nthawi yaitali za kuchepa kwa oonera, za makampani omwe tsopano amatsatsa malonda awo pa intaneti, za kufunika kosintha zinthu mwachangu popanda kudikira misonkhano. Zonse zomwe ananena zinali zoona. Enno anazizindikira chimodzichimodzi, chifukwa ndi zomwezo ankauza bambo ake patebulo. Zikutuluka m'kamwa mwa munthu wina zinkamveka ngati chipongwe.

Woyamba kuyankhula anali loya wina dzina lake Rehbein, wathupi losalala ndi mawu osatopa. Anafunsa mafunso ambirimbiri: nyumba za kampani anaziwerengera bwanji, mafilimu akale anawaika pa mtengo wanji, ndani anasankha owerengera. Anzake anabwera pambuyo pake n'kufunsa zomwezo m'mawu ena. Kumbuyo nkhalamba zinayamba kusinza. Fungo la masoseji linalowa mu holo khomo litatsegulidwa pang'ono, ndipo mitu ingapo inadzuka.

"Wotsatira ndi Bambo Oltmanns."

Enno anayamba wacheuka, ngati kuti wina adzuka kumbuyo kwake. A Detlef anamugunda ndi chigongono. "Ndiwe, iwe. Pita."

Njira yopita pansanja inali yaitali. Atafika anagwira m'mbali mwa gome ndi manja onse awiri. Zomwe anakonza m'mutu, za malamulo ndi manambala, zinabalalika zonse.

"Dzina langa ndine Enno Oltmanns," anayamba, mawu ake akumubwerera kuchokera m'makoma. "Masheya ndili nawowa anali a bambo anga, a Eilert Oltmanns a ku Emden. Ankabwera kuno chaka chilichonse. Kwathu kunali koletsedwa kusintha wailesi nthawi ya malonda. Ndinakula ndikuonera malonda anu onse, a sopo, a magalimoto, a chakudya cha amphaka, ngakhale mphaka tinalibe."

Kumbuyo kunamveka kuseka pang'ono.

"Ine ndinkawauza kuti agulitse. Zonse mwanena lero, bwana wapampando, ndinawauza. Iwo anakhulupirira inu kuposa mwana wawo. Anamwalira mu Novembala, kanema wanu ali woyatsa."

Kuseka kuja kunazima. Wina anatsokomola.

"Za mtengo ndilibe nazo mawu. Mafunso anga ndi awiri. Loyamba: kodi pali njira yoti munthu atsale ndi sheya imodzi yokha? Phindu sindikufuna. Musadzandiitane ku msonkhano, musadzandipatse chakudya. Imodzi yokha, ingokhala m'dzina lathu. Lachiwiri: mwa inu mwakhala kutsogolo kuno, alipo amene akuwakumbukira bambo anga?"

Anadikira. Anali ataiwala kuti pamisonkhano yotere sayankha pomwepo. Mafunso amatengedwa kupita kuchipinda china kuseri, komwe anthu osaoneka amalemba mayankho, ndipo wapampando amadzangowerenga.

"Zikomo, Bambo Oltmanns," anatero wapampando, maso ali papepala. "Tipume kaye kuti tikonze mayankho."

Anthu anakhamukira kuchakudya. Enno anaima pakona ndi mbale yomwe a Detlef anamukakamiza, soseji ndi saladi ya mbatatesi. Nkhalamba ina yoyenda ndi ndodo inamugwira pamkono podutsa. Kenaka anatulukira Rehbein, akutafuna.

"Achimwene, mwasewera bwino," anatero akupukuta pakamwa. "Ndakhala m'misonkhano yambiri, koma ya bambo omwalira ija sindinaimvepo. Mwaona nkhope zawo? Zimenezi zikalowa m'mabuku a msonkhano, ndiye kuti tili pabwino. Muli ndi masheya angati?"

Enno anamuyang'ana. "Anamwaliradi."

"Ndiye bwino kwambiri." Rehbein anadzimva yekha, n'kukweza dzanja. "Pepani, sindikutanthauza choncho. Ndikuti nkhani yoona imalimba. Tamverani, ife tikupita kukhothi. Tiphatikizane. Simulipira kalikonse, mumangodikira zaka zingapo, akawonjezera mtengo mumalandira. Bambo anu akanakonda zimenezo."

"Mungandibwezere sheya imodzi?"

"Sheya?" Rehbein anaseka mosaipa mtima, ngati akuyankha mwana. "Ayi, achimwene, masheya apita basi. Chatsala ndi kukangana za ndalama. Palibenso china chokanganirana pano."

"Choka apa, muimba iwe," anatero a Detlef atafika ndi mbale yodzaza. "Mtembo sunazizire wayamba kale kuzungulira. Kadye uko."

"Madala, inunso bokosi lanulo likuoneka," anayankha Rehbein akumwetulira. Anasiya kakhadi kake pambali pa mbale ya Enno n'kupita kukasaka wina.

Chomwe chinamupweteka Enno sichinali mwano wa munthuyo. Chinali chakuti mu holo monsemo, Rehbein yekha ndiye anamuuza zoona mosazungulira.

Atabwerera, wapampando anayamba kuwerenga mayankho. Mayankho a Rehbein anatenga nthawi yaitali. Yankho la Enno linabwera kumapeto, papepala limodzi lopyapyala.

"Funso la Bambo Oltmanns. Msonkhano ukavomereza, masheya onse a eni ang'onoang'ono adzasamutsidwa nthawi imodzi, ndipo lamulo silipereka mpata wopatula munthu aliyense. Pa funso lachiwiri, akuluakulu a kampani akupereka chipepeso chawo kubanja, koma funsoli silikukhudza nkhani yomwe tasonkhanira lero."

Anatembenuza pepalalo n'kuliika pamwamba pa anzake. Enno anayang'ana nkhope za pansanja imodziimodzi. Sizinali nkhope zankhanza. Ambiri mwa iwo anali atangobwera ndi eni atsopanowo. Panalibe woti akumbukire.

Anaponya mavoti. Atsikana ovala zofanana anayenda m'mizere ndi mabokosi, ndipo Enno anaponya "ayi" wake. A Detlef nawo anaponya wawo, wa sheya imodzi ija, atauonetsa kaye m'mwamba kuti aliyense aone. Zotsatira zitaoneka pakhoma, ovomereza anali pafupifupi onse. Okana anali kanambala kakang'ono kumapeto, ndipo mkati mwa kanambalako munali Enno, a Detlef, miimba ija ndi nkhalamba zonse zakumbuyo, osasiyanitsika. Masheya akanakhalabe pafoni milungu ingapo mpaka akhothi atalemba m'kaundula wawo, koma nkhani inali itatha.

Wapampando anathokoza onse chifukwa cha kukhulupirika kwawo kwa zaka zambiri, n'kutseka msonkhano.

Miimba inatuluka msanga, mafoni ali kukhutu. Nkhalamba zinatsalira. Zinkazungulira pamatebulo a chakudya, kudzaza mabokosi poyera tsopano, popanda wobisa, ndipo operekera zakudya ankangoyang'ana kumbali. Mayi wina wachikulire anafunsa a Detlef kuti, "Nanga chaka chamawa tidzaonana kuti?"

"Kumanda, mayi, kumeneko sheya safunsa," anayankha a Detlef. Onse anaseka. Koma potseka bokosi lachiwiri chivundikiro chinawakanira kulowa, ndipo Enno anawatsekera. Anthuwo anatsanzikana mogwirana manja nthawi yaitali. Ambiri sankadziwana maina.

Kosungira majasi kunali mayi wina wachikulire, tsitsi lopaka utoto wofiira. Atalandira nambala ya Enno sanapite msanga kukatenga jekete.

"Ndinu munayankhula za bambo anu? Timamvera pa chimkuzamawu kunoko." Anaika dzanja pachifuwa. "Ine ndagwira pano misonkhano yonse ya Kranich. Ndikuwakumbukira bwinobwino."

Enno anasendera pafupi. "Zoona?"

"Eee! Aatali aja, andevu zoyera, ankavala chipewa cha amalinyero. Chaka chilichonse ankandibweretsera chokoleti. Ndipo podikira jasi lawo ankaimba, nyimbo za panyanja zija, mokweza, mpaka anzanga onse ankasiya ntchito n'kumaombera m'manja. Ndinadabwa kuti chaka chino sindinawaone. Pepani kwambiri, mwanangu."

A Eilert anali aafupi, adazi, ndipo ndevu sanasungepo. A Detlef anatsegula pakamwa, koma Enno anawaponda phazi.

Maso a mayiyo anali atadzaza misozi. Inali misozi yeniyeni, yolirira munthu weniweni, bambo wa winawake yemwe mwina nayenso anali atagona kwinakwake pansi pa dothi lonyowa. Tsiku lonse lathunthu palibe amene anali atalira.

"Ndi omwewo," anatero Enno. "Zikomo, mayi."

Anakwera sitima yobwerera kwawo. A Detlef anagona kukamwa kuli yasa, chikwama atachikumbatira. Enno anatulutsa foni, kuyang'ana kamzere kaja. Sikankasunthanso, kanali katagona pa mtengo womwe a ku London ananena, mowongoka ngati ulusi. Anaibweza m'thumba.

Anafika ku Emden dzuwa lisanalowe. Amayi ake anali kukhitchini, akusenda mbatatesi pa nyuzipepala. Sanadzuke.

"Atenga?"

"Atenga."

A Gesa anagwedeza mutu n'kupitiriza kusenda. Khungu la mbatatesi linatsika lalitali, osaduka. Enno anakhala pampando woyang'anana nawo, jekete asanavule. Ankadikira kuti anene kuti ndinakuuza. Sananene.

"Unayankhula?"

"Ndinayankhula."

"Pansanja penipeni? Ngati iwo?"

"Penipeni."

Anaika mpeni pansi n'kupukuta manja pa epuloni. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, ngati akuchita manyazi ndi funso lawo lomwe. "Zaka zonse zija ankapita kumeneko. Alipo amene anawatchulako?"

Enno anayang'ana manja a amayi ake, ofiira ndi madzi ozizira, mphete ikulowa m'mnofu.

"Alipo, amayi. Mayi wina wosunga majasi. Analira."

"Analira?"

"Akuti chaka chilichonse adadi ankamuimbira nyimbo za panyanja podikira jasi. Mokweza. Anthu n'kumaombera m'manja."

"Eilert? Kuimba?" A Gesa anatong'ola maso. "Munthu amene anakana kuimba pa ukwati wake womwe? M'tchalitchi ankangoyendetsa milomo ngati nsomba!" Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni komwe Enno anali asanakumve chichokereni maliro, mpaka anagwira m'mphepete mwa tebulo. Kusekako kunapitirira, kenaka kunasintha osaima, ndipo anabisa nkhope mu epuloni. Enno anazungulira tebulo n'kuwagwira mapewa.

Patapita kanthawi anadzutsa mutu n'kumina. "Ndiye kuti zabwinozo ankakazisiya ku Hamburg, wakuba ameneyo." Anakoka mpando wina pafupi ndi wawo n'kuumenya ndi chikhatho. "Khala apa. Vula jeketeyo. Undiuze bwinobwino, kuyambira poyamba. Anati ankaimba nyimbo iti?"

Enno anavula jekete n'kukhala. Anayamba ndi zomwe mayi uja ananena, kusiyako ndevu ndi chipewa, ndipo pomwe mawu a mayiyo anathera, iye anapitiriza ndi ake.